Musanati Micron yadya mbewu, werenganinso manambala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani yomwe munalemba pa tsamba lanu la zamalonda yokhudza kukwera mtengo kwa zipangizo za makompyuta. Zambiri zomwe munalemba n'zoona, ndipo ine ndine mboni chifukwa malisiti ake amadutsa m'manja mwanga. Koma chiganizo chimodzi chandisowetsa mtendere sabata yonse. Munati kampani ya ku America ya Micron, yomwe imapanga tizipangizo tosunga zinthu m'makompyuta ndi m'mafoni, yadula pakati ndalama za kafukufuku, kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 10 peresenti m'zaka ziwiri zokha, ndipo kuti zimenezi zikuonetsa kuti eni ake angoika mtima pa phindu la lero. Manambala awiriwo ndi olondola. Tanthauzo lomwe munawapatsa ndi lomwe ndikukana.

Ndidzifotokoze kaye, kuti musaganize kuti ndili ndi masheya ku America. Ndinagwira ntchito yolemba mabuku a ndalama kwa zaka 27 pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Nditapuma, mwana wa mchemwali wanga anandipempha kuti ndizimuthandiza mabuku pa kashopu kake kokonzera malaputopu ndi mafoni ku Limbe. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimakhala kuseri kwa kauntala, magalasi pamphuno, kulowetsa malisiti m'buku. Dzina la Micron ndinalidziwira pomwepo, chifukwa ramu (kachipangizo kogwira zinthu pamene kompyuta ili yoyaka) yomwe mnyamatayu amakonda kuika m'malaputopu a anthu ndi ya Crucial, ndipo Crucial ndi dzina lomwe Micron inkagulitsira katundu wake kwa ife anthu wamba. Tsiku lina ndinamuuza kuti andikopere malipoti apachaka a kampaniyi pa intaneti, ndione kuti anthu amene akutidyera ndalama chonchiwa mabuku awo amaoneka bwanji. Anandiseka. "Amalume, masamba oposa 100 a Chingerezi cha maloya, muwerenga kuti mupindulenji?" Ndinawerenga ndithu. Munthu amene anazolowera mabuku a ndalama amawawerenga ngati mmene ena amawerengera za mpira.

Nazi zomwe zili m'menemo. Chaka cha zachuma cha Micron chimatha chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. M'chaka cha 2022 kampaniyi inagulitsa katundu wa madola 30.8 biliyoni, ndipo pa kafukufuku inaikapo madola 3.1 biliyoni. Imeneyo ndi 10 peresenti. Mu 2023 msika unagwa chagada: malonda anatsika kufika pa madola 15.5 biliyoni, kampani inaluza madola 5.8 biliyoni, koma pa kafukufuku inaikapobe madola 3.1 biliyoni omwe aja. Mukagawa, mupeza 20 peresenti. Mu 2024 malonda anadzuka kufika pa madola 25.1 biliyoni, za kafukufuku zinakwera kufika pa 3.4 biliyoni, peresenti n'kutsika kufika pa 14. Mu 2025 malonda anafika pa 37.4 biliyoni, za kafukufuku 3.8 biliyoni, peresenti n'kubwerera pa 10.

Ndiye taonani: m'zaka ziwiri zomwe inu munati kafukufuku wadulidwa pakati, ndalama zenizeni zinakwera ndi madola pafupifupi 700 miliyoni. 20 peresenti yomwe munaitenga ngati nthawi ya ulemerero inali chaka cha maliro. Nambala ya kafukufuku sinasunthe, ya malonda ndi yomwe inaphwa.

Zoterezi ndinaziona kambirimbiri ku esiteti. Ndalama za ku nazale, komwe timafesa ndi kulera mbande za tiyi, sizinkasintha kwenikweni chaka ndi chaka: antchito omwewo, machubu omwewo, madzi omwewo. Chaka cha chilala, masamba akachepa, nazale inkaoneka ngati ikudya gawo lalikulu la ndalama za esiteti. Chaka cha mvula yabwino inkaoneka ngati kanthu kochepa. Mlendo woona peresenti yokha akanati chaka cha chilala ndi chomwe tinkakonda kwambiri nazale. Ife olemba mabuku tinkadziwa kuti nazale ili pomwe inali.

Msika wa tizipangizoti ndi wa chilala ndi chigumula kuposa wa tiyi. Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi DRAM, womwe pa shopu timangoti ramu, umene umagwira zinthu pamene kompyuta ili yoyaka n'kuiwala zonse mukangoizimitsa. Wina ndi NAND, womwe uli mu fulashi, mu memore ya mufoni ndi mu SSD, umene umasunga zithunzi ndi nyimbo zanu ngakhale batire litatha. Pa DRAM, makampani atatu okha, Samsung ndi SK hynix a ku South Korea ndi Micron, ndi omwe agwira pafupifupi magawo 9 mwa 10 a msika wa dziko lonse. Ramu ya kampani imodzi mutha kuichotsa n'kuikapo ya inzake, laputopu osadziwa n'komwe, choncho wogula amangoyang'ana mtengo, ngati mmene amachitira ndi chimanga pa msika. Fakitale yatsopano imatenga zaka kuti imangidwe. Mitengo ikakwera onse amathamangira kumanga, mafakitale amatha nthawi imodzi, katundu amasefukira, mitengo n'kugwa. Pa nthawi ya Covid-19 anthu anagula malaputopu ndi mafoni ambiri, opanga makompyuta anaunjika tizipangizoti poopa kusowa, ndipo pofika chakumapeto kwa 2022 aliyense anali ndi nkhokwe yodzaza, wogula palibe.

Chomwe chimandiuza mtima wa kampani ndi chimene inasankha kudula m'chaka choipacho. Mu Disembala 2022 Micron inalengeza kuti ichepetsa antchito ndi 10 peresenti, ndipo patapita miyezi yochepa inakweza chiwerengerocho kufika pa 15. Inaimitsa mabonasi, inachepetsa malipiro a akuluakulu, inachepetsanso katundu wopangidwa m'mafakitale. Ndalama zogulira makina ndi kumanga zinatsika kuchoka pa madola pafupifupi 12 biliyoni kufika pochepera 8 biliyoni. Mu Meyi 2023 boma la China linaletsa mabungwe oyendetsa ntchito zikuluzikulu za dzikolo kugula katundu wa Micron, kuwonjezera mchere pa bala. M'mavuto onsewa mzere wa kafukufuku sunasunthe. Sindikuyamikira kuchotsa anthu ntchito, ndinaonapo anzanga akulandira makalata otere ndipo ndikudziwa mmene nyumba imazizirira tsiku limenelo. Ndikungonena kuti banja limene pa njala lagulitsa njinga, wailesi ndi mbuzi koma mbewu laisiya padenga, simungalinene kuti ladya mbewu.

Mwina mudzati, chabwino nkhalamba, apa tinalakwitsa, koma ndalama zenizeni zikatsika ndiye kuti kampani yayamba kufa. Ngakhale pamenepo ndikupemphani kudekha, chifukwa Micron yomweyi inadutsamo. Mu 2007 inaika madola pafupifupi 800 miliyoni pa kafukufuku, ndipo pofika 2010 ndalamazo zinali zitatsika kufika pongopitirira 600 miliyoni. Kumeneko kunali kutsika kwenikweni, kwa madola osati kwa peresenti. Mbali ina inali kumanga lamba chifukwa cha mavuto a zachuma a 2008. Koma mbali ina inali yoti kampaniyi inapeza anzake osenza nawo mtolo. Kuyambira 2006 inali pa mgwirizano ndi Intel, kampani ina ya ku America ya zipangizo za makompyuta, pa za NAND, ndipo mu 2008 inagwirizana ndi Nanya ya ku Taiwan pa za DRAM. Mainjiniya ankagwira ntchito, anzawowo ankabweza gawo la ndalama, ndipo m'mabuku ndalama zobwezedwazo zinkachotsedwa pa mzere wa kafukufuku. Wowerenga mzere wokhawo ankaona nambala yaing'ono, pamene ntchito mu labu inali yaikulu kuposa nambalayo. M'nyengo yomweyo makampani ena opanga DRAM anagwa: Qimonda ya ku Germany inagwa mu Januwale 2009, Elpida ya ku Japan inagwa mu Febuluwale 2012, ndipo amene anagula Elpida mu 2013, pamodzi ndi fakitale yake ya ku Hiroshima, ndi Micron yomwe ija "inachepetsa kafukufuku". Mgwirizano ndi Intel utayamba kutha cha m'ma 2018, zinatembenuka: ndalama zobwezedwa zinasiya kubwera, mzere wa kafukufuku unakwera, ndipo mbali ya kukwerako sinali ntchito yatsopano ayi, inali bilu yomwe kale ankagawana awiri.

Palinso china chomwe anthu osalemba mabuku sachidziwa, ndipo ndi chomwe chinandisangalatsa kwambiri m'malipotimo. Tizipangizoti amatipanga pa mbale zopyapyala za silikoni zotchedwa wafer, zotambalala masentimita 30, ndipo mbale imodzi imadutsa m'makina kambirimbiri kwa miyezi isanathe. Kampani ikamayesa kapangidwe katsopano, imawononga mbale zambiri zoyeserera. Micron imalemba yokha m'malipoti ake kuti ndalama za kafukufuku zimakwera kapena kutsika makamaka potengera kuchuluka kwa mbale zoyeserera zomwe zadutsa m'makina, ndipo kuti chinthu chatsopano chikangoyesedwa n'kuvomerezedwa kuti chakhwima, ndalama zochipangira zimasamuka pa mzere wa kafukufuku kupita pa mzere wa mtengo wa katundu wogulitsidwa. Makina omwewo, anthu omwewo, mbale zomwezo, koma mzere wina. Choncho pa miyezi itatu ina mutha kuona kafukufuku watsika, chifukwa chake n'kukhala choti chinthu chomwe ankachivutikira chatheka ndipo chayamba kugulitsidwa. Ku esiteti zinali chimodzimodzi: munda wa tiyi wongobzalidwa kumene unali ndi tsamba lakelake m'buku, ndipo chaka chomwe tayamba kuthyolamo masamba, ndalama zopalira ndi kuthira feteleza zinkasamukira ku tsamba la minda yokhwima. Tsamba loyamba lija likachepa tinkasangalala.

Ndiwonjezere mwachidule za malamulo olembera mabuku, chifukwa nthawi zina nyuzipepala zimaika makampani awiri pa tebulo limodzi ngati kuti amalemba mofanana. Malamulo a ku America amati pafupifupi ndalama zonse za kafukufuku zilembedwe ngati zowonongedwa chaka chomwecho. Malamulo omwe mayiko ambiri amatsata otchedwa IFRS, omwe timatsata kuno kwathu ndipo makampani a ku Korea amatsatanso mtundu wake, amalola kuti gawo lina la ndalama zokonzera chinthu chatsopano, chikafika poti chaoneka kuti chitheka ndipo chidzagulitsidwa, lilembedwe ngati chuma cha kampani n'kumachotsedwa pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Ndalama zothandizira zochokera ku boma nazonso zimatha kuchepetsa nambala yooneka. Wophunzira aliyense wa akaunti wa chaka chachiwiri amadziwa zimenezi, koma zikafika pa mutu wa nkhani zimasowa.

Kutsika kwina kumabwera chifukwa kampani yasiya njira yomwe sikupita kulikonse. Mu 2015 Intel ndi Micron analengeza ndi ng'oma ndi malipenga mtundu watsopano wotchedwa 3D XPoint, womwe ankati udzakhala pakati pa ramu ndi NAND, wachangu komanso wosaiwala. Unapangidwa ndithu, Intel inkaugulitsa pa dzina la Optane, koma ogula sanabwere mokwanira kuti ulipire mtengo wake. Mu Malichi 2021 Micron inati basi, tasiya, ndipo fakitale ya ku Lehi m'chigawo cha Utah inagulitsidwa kwa Texas Instruments. Intel nayo inatseka Optane mu 2022. Kodi kusiya kumeneko kunali kupanda masomphenya kapena nzeru? Amene anathera zaka zawo pa ntchitoyo ayenera kuti zinawawawa. Ine monga wolemba mabuku ndimati kuthirira mtengo wouma chifukwa choti unauthirira kale zaka zisanu si khama, ndi manyazi ovomera.

Tsopano ndifike pomwe pali nkhawa yeniyeni, chifukwa sindikufuna kuti muganize kuti ndikuti kudula kafukufuku kulibe vuto. Kuli ndi vuto lalikulu, koma nthawi zambiri sikuoneka pa mzere womwe inu munayang'ana.

Chaka china ku esiteti kuja kunabwera manijala watsopano wofuna kusangalatsa eni ake. Sindimutchula, anapita kale, ndipo si iye yekha amene anachitapo zotere. Anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti chaka chimenecho sitidzala mbande zatsopano, anthu a ku nazale apite kukathandiza kukonza misewu ya m'minda ndi kupenta nyumba za alendo, koma malipiro awo ndiziwalembabe pa tsamba la nazale. Ndinamuuza kuti, "Bwana, tsambalo lidzanama." Anandiyankha kuti tsamba silinama, limangonena zomwe lalembedwa. Ndinalemba, chifukwa ndinali ndi ana anayi pa sukulu. Maodita anabwera, anaona kuti ndalama za nazale sizinatsike, zakweranso pang'ono chifukwa cha malipiro, anasaina n'kumapita. Manijalayo anayamikiridwa, patapita zaka ziwiri anapeza ntchito ina yabwino kwina. Bala linadzaonekera patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pamene minda yakale inayamba kutopa ndipo panalibe minda yatsopano yolowa m'malo. Amene anakalipiridwa ndi manijala wina amene sanalakwe kanthu. Mpaka lero ndikadutsa pa msewu wa ku Thyolo n'kuona mizere ya tiyi yokhala ndi mipata, ndimakumbukira siginecha yanga pansi pa tsamba lija.

Nkhani ya Samsung inandikumbutsa zimenezi. Pali mtundu wa ramu wotchedwa HBM, womwe amasanjikiza tizipangizo tingapo pamwamba pa tinzake n'kutiboola timabowo tosaoneka ndi maso kuti tilumikizane, kenaka n'kuuika pafupi kwambiri ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. SK hynix inayamba kuupanga cha m'ma 2013 mogwirizana ndi AMD, kampani yopanga mapurosesa, ndipo unayamba kuoneka pa msika mu 2015. Kwa zaka zambiri unali wodula, wovuta kupanga, wogula ochepa. Nyuzipepala za ku Korea zakhala zikulemba kuti cha m'ma 2019 Samsung inachepetsa gulu lake la mainjiniya a HBM poona kuti msika wake ndi waung'ono. Pa nthawi yonseyi ndalama za kafukufuku za Samsung yonse zinkakwera chaka ndi chaka, mpaka kupitirira 28 thililiyoni ya ndalama za ku Korea mu 2023, chaka chomwe nthambi yake ya tizipangizoti inaluza pafupifupi 15 thililiyoni. Woyang'ana mzere wa kafukufuku akanati apa ndiye pali kampani yoganiza za mawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. ChatGPT itatuluka chakumapeto kwa 2022, dziko lonse linayamba kulimbirana mapurosesa a kampani ya Nvidia omwe amayendetsa mapulogalamu ngati ChatGPT, ndipo mapurosesa amenewo sayenda popanda HBM. Amene anali wokonzeka anali SK hynix. Mu Okutobala 2024 mkulu wa nthambi ya tizipangizoti ku Samsung, a Jun Young-hyun, analemba kalata yopepesa poyera chifukwa cha kufooka kwa kampaniyo pa luso, chinthu chosazolowereka kwa kampani yonyada ngati imeneyo. Kumayambiriro kwa 2025 SK hynix inapitirira Samsung pa malonda a DRAM, mpando womwe Samsung inakhalapo kwa zaka zoposa 30.

Micron nayo isadzitame kwambiri pa nkhani imeneyi. Inataya zaka ikulimbana ndi njira yakeyake yotchedwa Hybrid Memory Cube, n'kudzaisiya cha m'ma 2018, ndipo inalowa mochedwa pa HBM. Chomwe chinaipulumutsa n'choti m'chaka cha njala chija sinadule ndalama za kafukufuku. Inadumpha sitepe imodzi n'kulunjika pa HBM3E, m'badwo watsopano wa HBM, yomwe inayamba kupangidwa mochuluka mu Febuluwale 2024 kuti ilowe mu purosesa ya Nvidia ya H200. Malonda a 37.4 biliyoni omwe atsitsa peresenti yanu ija, mbali yake yabwino yachokera kumeneko. Kunena kwina, kafukufuku ndi amene wabereka malonda omwe akuchititsa kuti kafukufuku aoneke wochepa.

Ndiye mtolankhani wanu akadzaonanso nambala yotere, ndikumupempha asathamangire kulemba mutu. Ayambe wafunsa ngati chatsika ndi ndalama kapena gawo. Ngati ndi ndalama, aone ngati ndi za miyezi itatu yokha kapena zaka zingapo zotsatizana, ndipo atsegule masamba akumbuyo komwe kampani imafotokoza chifukwa chake, chifukwa malamulo amaikakamiza kufotokoza. Koposa zonse ayang'ane zomwe zikutuluka mu labu. Pa NAND amawerenga nsanjika zosanjikizidwa m'kachipangizo kamodzi: Micron inatulutsa ya nsanjika 176 mu 2020, ya 232 mu 2022. Pa DRAM amapatsa mibadwo mayina, 1-alpha, 1-beta, 1-gamma. Kampani imene mibadwo yake ikubwera pa nthawi yake, kapena patsogolo pa anzake, nazale yake ili moyo, kaya peresenti ikuti chiyani. Imene yayamba kuchedwa chaka, kenaka zaka ziwiri, imeneyo ndiyo yofunika mutu wa nkhani, ngakhale mzere wake wa kafukufuku utanenepa bwanji. Pali ngakhale nthawi yomwe kusagula chinthu chodula kumakhala luso: makina atsopano osindikizira tizipangizoti pa mbale, otchedwa EUV, a kampani ya ASML ya ku Netherlands, omwe amodzi okha amadula madola oposa 100 miliyoni, Samsung ndi SK hynix anayamba kuwagwiritsa ntchito pa DRAM msanga, pamene Micron inapitiriza kufinya makina akale mpaka pa 1-gamma, osatsalira m'mbuyo.

Kodi 10 peresenti ndi yokwanira? Limenelo ndi funso labwino, ndipo ndikanakonda mukanafunsa limenelo. Mu 2018, chaka china cha zokolola zambiri, gawoli linatsika mpaka 7 peresenti. Munthu atha kunena kuti kampani yopeza phindu la madola 8.5 biliyoni, monga inachitira mu 2025, ikanatha kuwonjezera kuposa pamenepa, makamaka pamene boma la America lailonjeza madola oposa 6 biliyoni a anthu okhoma msonkho kuti imange mafakitale ku Idaho ndi ku New York, ndiponso pamene makampani a ku China monga CXMT ndi YMTC akubwera kumbuyo mothamanga. Ine maganizo anga ndi oti kafukufuku sali ngati feteleza woti ukathira matumba awiri m'malo mwa limodzi mawa uona kusintha. Injiniya wodziwa ntchito imeneyi samera ngati bowa, ndipo labu ili ndi malire a mbale zomwe ingayese pa mwezi. Ndalama zokwera pang'onopang'ono osabwerera m'mbuyo zimandipatsa chikhulupiriro kuposa zodumpha chaka cha phindu n'kugwa chaka cha njala. Koma wina atatsutsa pamenepa, ndikhoza kukhala naye pansi, chifukwa tikhala tikukangana pa nkhani yeniyeni.

Pena ndimaseka ndikaganiza kuti kampani imeneyi inayambira mu 1978 m'chipinda cha pansi pa ofesi ya dokotala wa mano mumzinda wa Boise ku Idaho, ndipo mmodzi mwa omwe anaikamo ndalama zoyambira anali J. R. Simplot, mlimi wolemera chifukwa cha mbatatesi. Mlimi ameneyo ayenera kuti ankamvetsa msika wa ramu kuposa akatswiri ambiri, chifukwa mbatatesi nazo zikachuluka zimagwa mtengo, ndipo mlimi wanzeru sadya mbewu ngakhale chaka chitavuta bwanji.

Ngati mukufuna chifukwa chokwiyira Micron, ndikupatsani chenicheni, chomwe chikutipweteka ife pa shopu. Kampaniyo inanena yokha kuti HBM imadya mbale zochuluka pafupifupi katatu kuposa ramu wamba kuti mupeze malo osungira ofanana. Mbale iliyonse yopita kwa Nvidia ndi makampani akuluakulu a intaneti ndi mbale yomwe sikupanga ramu ya laputopu ya mphunzitsi wa ku Bangwe. N'chifukwa chake mitengo inakwera moopsa chakumapeto kwa 2025. Kenaka mu Disembala 2025 Micron inalengeza kuti ikusiya bizinesi ya Crucial, kuti katundu wake azipita kwa makasitomala akuluakuluwo. Kumeneko ndiye kutifulatira. Ife tili kumapeto kwenikweni kwa mzere: katundu adutse kwa ogulitsa a ku Dubai kapena ku Johannesburg, tipeze madola omwe m'mabanki mulibe, tilipire msonkho pa boda, ndiye tidzamuuze kasitomala mtengo. Kafukufuku wawo akuyenda bwino lomwe, kungoti akufufuzira anthu ena.

Lachisanu lapitali kunabwera mtsikana wina wa ku koleji ndi laputopu yakale ya 4GB, akufuna kuwonjezera ramu kuti athe kulemba pulojekiti yake yomaliza. Mwana wa mchemwali wanga anamuuza mtengo wa yatsopano, mtsikanayo anangoti kakasi. Mapeto ake mnyamatayu anatsegula kabati yomwe amasungamo malaputopu akufa, anazula ramu mu imodzi yomwe inathiridwa tiyi, anaipukuta, anaiyesa, inayaka. Anamulipiritsa theka. Ine polowetsa m'buku ndinasowa tsamba loyenera, chifukwa katunduyo sitinamugule ndipo sanali pa sitoko. Ndinatsegula tsamba latsopano n'kulemba pamwamba pake kuti "Zozula", ndipo mmene ndikulemba kalata ino lili kale ndi mizere isanu ndi umodzi.

Ndine wowerenga wanu,
Wolemba mabuku wopuma,
Limbe